Corolla yowira pamzere wa galimoto mu Lilongwe: lipoti la kuyeza ndi kukonza

Galimoto yake ndi Toyota Corolla NZE121 ya 2004, injini ya 1NZ-FE ya 1,497cc, giya ya otomatiki. Inalowa m'dziko muno itayendapo kale ku Japan, monga galimoto zambiri zimene timagwira. Mwini wake ndi mayi wina wokhala ku Area 25, amene amagwira ntchito ku Old Town, ndiye tsiku lililonse amadutsa msewu wa M1 nthawi imene aliyense ali pamsewu. Anaibweretsa ku galaja kwathu mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, atanyamula zigubu ziwiri za madzi kubuti.

Dandaulo la mwini galimoto

Mayiwo anafotokoza chonchi: "Amakaniko, galimotoyi ikamayenda ilibe vuto. Ndinapita nayo ku Dedza ndi kubwerako, singano ya geji ya kutentha sinasunthe, mwinanso inali pansi kuposa masiku onse. Koma ndikangoima pamzere madzulo, kapena ndikakhala pakiyu ya mafuta injini ikulira, singano imayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka kufika pofiira. Mzere ukayamba kuyenda, imatsikanso."

Ndinawafunsa ngati inawirapo mpaka kutulutsa nthunzi. Anati inde, dzulo lake madzulo pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, nthunzi inatuluka kutsogolo kwa boneti, iwo n'kuzimitsa injini pomwepo, anyamata n'kuwathandiza kukankhira pambali. Ndinafunsanso madzi amene amathira. Anati a pampopi, nthawi zina a pamjigo akapita kumudzi. Za AC anati inasiya kuzizira kalekale ndipo saiyatsa n'komwe. Funso lomaliza linali loti ndani anagwirapo kale mbali ya madzi. Anayankha kuti chaka chathachi, vuto litangoyamba, makaniko wina anachotsamo "kachitsulo kena kamene kamatseka madzi", n'kuwauza kuti kuno kotentha sikafunika.

Mafunso amenewa ndimawatenga ngati gawo la kuyeza, osati macheza. Mmene galimoto imatenthera zimaloza kumene kuli vuto. Rediyeta siiziziritsa madzi payokha. Imafuna mphepo yodutsa m'timipata take, ngati mmene phala lotentha limafunira kuuzira. Galimoto ikamathamanga, mphepoyo imabwera yokha kuchokera kutsogolo. Ikaima, mphepo yonse imayenera kuchokera ku fani. Choncho galimoto yozizira bwinobwino pamsewu wautali koma yotentha pamzere, poyamba timakayikira fani ndi chilichonse chotchinga mphepo. Ikanakhala yotentha pothamanga kapena pokwera chitunda, n'kumazizira ikaima, ndikanayamba kuganiza za rediyeta yotsekeka mkati kapena mpope wa madzi wotha mapiko. Ikanakhala yotentha paliponse, patangopita mphindi zochepa itayatsidwa, ndikanayang'ana thermostat yokanirira (kachitsulo kotseka ndi kutsegula njira ya madzi malinga ndi kutentha) kapena gasiketi ya hedi (chomatira pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, buloko).

Zimene ndinaona injini ili yozizira

Tinaisiya kuti izizire kaye ndithu. Potsegula rediyeta madzi sanaoneke pakhosi. Anali atatsika mpaka timapaipi ta mkati tikuonekera. Kabotolo kapambali kosungira madzi, m'malo mokhala kopanda kanthu, kanali kodzaza mpaka kukamwa, ndipo panja pake panali mizere ya madzi ofiirira amene anasefukira n'kuuma. Zimenezi ndinazisunga m'mutu: rediyeta yaludzu, kabotolo kokhuta. Tanthauzo lake ndi lakuti madzi akutuluka m'rediyeta kupita m'kabotolo koma sakubwerera.

Madziwo anali a mtundu wa dzimbiri, opanda fungo la coolant (madzi a mankhwala oziziritsira injini) ngakhale pang'ono. Oyilo pa dipisitiki anali wakuda koma wopanda thovu loyera, ndipo kunsi kwa chitsekerero cha oyilo kunalibe zoterera zooneka ngati mkaka. Lamba woyendetsa mpope wa madzi anali wokungika bwino, wopanda ming'alu. Mapaipi awiri aakulu, lapamwamba ndi lapansi, anali osatupa, ngakhale lapamwamba linali litayamba kuuma. Chophimba cha pulasitiki chozungulira fani chinali chothyoka kungodya yakumunsi, ndipo wina anachimanga ndi waya.

Kenaka ndinadzaza madzi, n'kumanga mpope woyezera mphamvu pakamwa pa rediyeta, n'kupopa mpaka 1.1, mlingo umene unalembedwa pa chivindikiro chake. Singano inakhazikika osatsika. Pansi sipanagwe dontho, m'kati mwa galimoto kapeti wa mbali ya hita anali wouma. Ndiye kuti madzi sanali kuthawira pabowo lililonse. Ankatayika chifukwa chowira basi.

Chivindikiro cha rediyeta

Chivindikirocho ndinachiyeza pachokha ndi mpope womwewo, ndipo chinalephereratu. Ukapopa, singano imangonyamuka pang'ono n'kugweranso pa ziro. Labala wake anali wong'ambika mozungulira, wouma gwa, ndipo kavalavu kakang'ono ka pakati kanali kodzaza dzimbiri.

Anthu ambiri amachiona chivindikiro ngati chotsekera chabe kuti madzi asatayike. Ntchito yake ndi yoposa pamenepo. Madzi akapanikizika amachedwa kuwira. M'mphepete mwa nyanja yamchere, madzi a m'chiwiya chotsegula amawira pa madigiri 100. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, ndipo kuno madzi amawira msanga, cha pa madigiri 96 kapena 97. Chivindikiro chabwino cha 1.1 chimakweza mlingo umenewu kufika cha pa 120, ndipo mukakhala coolant wosakaniza theka ndi theka umakweranso kupitirira apo. Tsono injini imeneyi fani yake imayamba kuzungulira madzi akafika cha m'ma 95. Taonani mmene manambalawo ayandikirana: ndi chivindikiro chakufa komanso madzi wamba, galimoto ya mu Lilongwe imayamba kuwira pa nthawi yomweyo imene fani ikuyenera kudzuka. Mpata wonse umene opanga anasiya kuti injini ipirire pamzere unali utatha. Madzi akangoyamba kuwira mkati mwa hedi, nthunzi imakankhira madzi kunja, ndipo pamene pali nthunzi chitsulo sichizizira.

Kavalavu ka pakati kaja ndiko kamalola madzi kubwerera kuchokera m'kabotolo injini ikamazizira. Labala akang'ambika, rediyeta imakoka mpweya m'malo mwa madzi. Ichi ndicho chifukwa chake mayiwo ankati akayang'ana kabotolo amapeza madzi ali tho, n'kumaganiza kuti zonse zili bwino, chikhalirecho rediyeta ikuuma.

Chivindikiro chinali vuto lenileni, koma sichikanatha kufotokoza zonse. Funso loti n'chifukwa chiyani kutentha kumakwera galimoto ikaima linali lisanayankhidwe.

Fani

Ndinaikapo chivindikiro chabwino chimene timasunga poyezera, n'kulumikiza kompyuta yowerenga injini pasoketi ya kunsi kwa chiwongolero kuti ndiziona kutentha kwenikweni m'manambala. Geji ya padashibodi sindiidalira poyeza, chifukwa singano yake imakhala pakatikati kwa nthawi yaitali pamene kutentha kukusintha, ndipo ikamanyamuka ndiye kuti zinthu zafika kale patali. Tinayatsa injini n'kuisiya ikulira poima. Inachedwa kwambiri kutentha, zimene zinagwirizana ndi nkhani ya kachitsulo kochotsedwa kaja. Itafika cha m'ma 95, relay ya m'bokosi la mafyuzi, kaswichi kopereka magetsi ku fani, inalira kuti "tha!", ndinaimva bwinobwino ndi chala. Fani sinasunthe. Manambala anapitiriza kukwera: 98, 100, 102.

Ndinatenga chogwirira cha sikuludilaiva n'kugogoda pamsana pa mota ya fani. Mapiko ananjenjemera, n'kuyamba kuzungulira mwaulesi, akulira kuti kwee kwee, ndipo patapita kanthawi anaimanso okha. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anati, "Bwana, ndiye kuti ndi mota basi, tiimasule." Ndinamuuza kuti adikire. Mota ikhoza kuoneka yakufa pamene ikungolandira magetsi operewera, ndipo ukagula ina usanayeze mawaya, yatsopanoyo imakachitanso ulesi womwewo.

Tinayeza motsatana. Fyuzi ya fani inali yamoyo, miyendo yake yosapsa. Relay tinaisinthanitsa ndi inzake yofanana nayo, palibe chinasintha. Sensa ya kutentha inali kunena zoona, chifukwa manambala a pakompyuta ankafanana ndi a kachipangizo koyezera kutentha kongoloza patali, ndikaloza pamene paipi lapamwamba limatulukira m'injini. Ndinazulanso soketi ya sensayo injini ikulira. Pa ma Toyota ambiri kompyuta ikasowa uthenga wa kutentha imalamula fani kuti izungulire podziteteza, ndipo apa relay inaliradi nthawi yomweyo, koma fani inangokhala duu. Ndi mita ndinayeza pasoketi ya mota: magetsi analipo okwanira, oposa mavoti 13 injini ikulira. Waya wa nthaka, wobwezera magetsi ku chitsulo cha galimoto, nayenso anali bwino. Kuti nditsimikize kuti mawayawo akhoza kunyamula katundu, osati kungoonetsa mavoti pamita, ndinalumikizapo babu la nyali yaikulu ya kutsogolo, ndipo linayaka mowala ndithu. Pomaliza ndinapatsa mota magetsi ochokera kubatire mwachindunji, kudzera pa waya wokhala ndi fyuzi. Sinazungulire mpaka nditaigogodanso.

Apa mlandu unatha. Titaimasula motayo n'kuitsegula, munatuluka fumbi lakuda lambiri. Makaboni ake, amene amapatsira magetsi ku mbali yozungulira ya mota, anali atatha mpaka kutsala tizidutswa tofupika kuposa chikhadabo, masipuling'i atatambasuka mpaka polekezera, osathanso kukankha. Pamene makaboniwo amakhudza, mkuwa unali utakumbika ngalande yozama yomveka ndi chala, ndipo timagawo tina tinali titada ndi kupsa. Mota yotere imagwira ntchito mwa apo ndi apo. Ikaima pamalo pamene kaboni akukhudza, mawa idzazungulira. Ikaima pamalo opsa, siidzuka mpaka galimoto itagunda bampu. Ichi n'chifukwa chake vutoli linatenga chaka likubwera n'kumapita, ndipo n'kutheka kuti tsiku limene makaniko woyamba uja anayang'ana, faniyo inali kuzungulira.

Nkhani ya AC ili ndi mbali yake pano. Pa galimoto imeneyi ukayatsa AC fani imayenera kuzungulira, ndipo imeneyi ndi njira yachidule imene mwini galimoto aliyense angayesere fani yake pakhomo. Koma AC ikakhala yopanda gasi, kompuresa siigwira, ndiye kuyesa kumeneku sikukuuza chilichonse. Mayiwo akanakhala kuti amagwiritsa ntchito AC, akanazindikira msanga kuti ikusiya kuzizira akaima pamaloboti.

Titachotsa fani ndi chophimba chake, ndinapendeketsa rediyeta kuti ndione mpata wa pakati pa iyo ndi kondensa ya AC imene imakhala kutsogolo kwake. Mpata umenewu suoneka ukangotsegula boneti. Munali udzu wouma, njere za chisoso, nthenga, fumbi lofiira lolimba ngati dothi lomata, ndi kachidutswa ka jumbo kataphimba ngodya yonse yakumunsi. Gawo lalikulu la m'munsi mwa rediyeta silinkadutsa mphepo n'komwe. Pothamanga, mphepo yamphamvu inkakwanira kudzera mbali yotsalayo. Poima, ngakhale fani ikanakhala yamoyo, ikanavutika.

Thermostat yochotsedwa

Pa 1NZ-FE thermostat imakhala pamene paipi lapansi limalowera m'injini. Titamasula, munalibedi kanthu. Anangomata silikoni wambiri m'malo mwa labala wake, wina atafinyikira mkati n'kumalendewera m'njira ya madzi.

Mchitidwe wochotsa thermostat ndi wofala kwambiri m'magalaja mwathu, ndipo ine ndimatsutsana nawo poyera. Anthu amati inapangidwira mayiko ozizira. Koma ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha kumene inapangidwira kugwira ntchito, kaya ndi ku Japan kaya ndi ku Nsanje. Ya injini imeneyi imayamba kutseguka pakati pa madigiri 80 ndi 84. Ikatseguka yonse siitchinga madzi mwa njira yoti n'kutenthetsa injini. Ukaichotsa, pamsewu wautali injini imayenda yozizira mopitirira muyeso, monga mmene mayiwo anaonera popita ku Dedza. Kompyuta imaona ngati injini sinatenthebe, n'kumawonjezera petulo. Mafuta amatha msanga, mapulagi amada, oyilo amasungunuka ndi petulo wosapsa, ndipo injini imadyeka mkati mwakachetechete. Pamzere, pamene pali vuto lenileni, kuchotsako sikuthandiza: madzi angazungulire mwaufulu bwanji, popanda mphepo pa rediyeta sazizira. Chimene kumachita ndi kungochedwetsa kuwira, chifukwa injini imafika pamzere ili yozizirirapo. Mwini galimoto amaona ngati zatheka, mpaka tsiku limene mzere udzatalike.

Kodi gasiketi ya hedi inapulumuka?

Ili ndilo funso limene linkandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa injini imeneyi hedi yake ndi buloko yake ndi za aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sapirira kutentha kopitirira. Hedi imapindika, ndipo kupindika kololedwa n'kochepa zedi, kosaoneka ndi maso. Kugula fani ndi coolant wodula gasiketi itapsa kale ndi kutaya ndalama za munthu, choncho ndinayeza zimenezi ndisanawauze mayiwo kuti agule chilichonse.

Ndinachepetsa madzi m'rediyeta pang'ono, n'kuika pakamwa pake kachubu koyezera utsi, kokhala ndi mankhwala a buluu. Utsi wa injini ya petulo ukamalowa m'madzi, mankhwalawo amasanduka achikasu. Tinakoka mpweya injini ili yotentha, tikuponda moto pang'ono ndi kusiya. Anakhalabe a buluu. Kuti ndione kuti mankhwalawo sanafe, ndinayandikiza kachubuko ku ekizozi, ndipo anasintha mtundu nthawi yomweyo. Pakamwa pa rediyeta sipankatuluka thovu lotsatizana. Mapulagi onse anayi anali akuda mofanana. Panalibe imodzi yoyera mbee ngati yatsukidwa, chimene chimachitika madzi akamalowa m'silinda. Kompuresheni ya masilinda anayi inali yoyandikana. M'mawa mwake, injini itagona, paipi lapamwamba linali lofewa, ndipo poyatsa sinatsokomole kapena kutulutsa utsi woyera.

Gasiketi inapulumuka, ndipo ndikukhulupirira kuti anaipulumutsa ndi mayiwo pozimitsa injini nthunzi itangooneka. Ambiri amati "ndingofika pafiling'i apo," ndipo mamita mazana ochepa amenewo ndi amene amapha injini.

Kukambirana za kukonza

Madzulo anabwera ndi amuna awo. Bambowo atamva kuti vuto ndi fani, anati, "Amisiri, bwanji osangoilumikiza dayilekiti kuti izizungulira nthawi zonse? Anzanga ambiri a matakisi anachita choncho." Ndinawaonetsa motayo ili chitsegulire pabenchi, n'kuwauza kuti, "Bambo, taonani makaboni awa. Magetsi akufika bwinobwino, koma mota yatha. Tikailumikiza dayilekiti palibe chisinthe." Ndinawafotokozeranso kuti ngakhale pa mota yatsopano sindingachite zimenezo. Fani yozungulira osapuma imatha msanga, imalemetsa alitaneta, ndipo ambiri olumikiza chonchi amadumpha fyuzi, moti tsiku limene mota idzakanirire, waya amapsa mpaka kuyatsa galimoto. Sensa, kompyuta ndi relay za galimoto yawo zinali zamoyo, ndipo panalibe chifukwa chozilambalala.

Anafunsanso ngati sitingangosintha makaboni okha. Nthawi zina timatero, ndipo zimathandiza mkuwa ukakhala wosalala. Pano ngalande ija inali yozama, makaboni atsopano akanadyeka m'miyezi yochepa. Tinagwirizana zopeza fani yathunthu, mota, mapiko ndi chophimba chake, yochotsedwa pa galimoto ina ya mtundu womwewo, popeza chophimba chakale chinali chothyoka kale. Chophimbacho n'chofunika kuposa mmene chimaonekera: ndicho chimachititsa kuti fani ikoke mphepo kudzera m'rediyeta yonse. Chikathyoka, fani imangokoka mpweya wotentha wa m'mbali, umene ndi wosavuta kukoka. Ndinapita ndekha kokagula, nditanyamula batire, n'kuiyesa pomwepo: kuyamba kwake, kulira kwake, ndi ngati shafuti ikugwedera. Thermostat ndi chivindikiro ndinaumirira kuti zikhale zatsopano ndiponso zenizeni, chivindikiro cha 1.1 monga chakale. Zivindikiro zotchipa zimene zadzaza pamsika zina zimalephera mayeso zili zatsopano m'katoni, ndiye ngakhale chatsopanocho ndinachiyeza ndisanachiike.

Ntchito imene inagwiridwa

Rediyeta tinaitulutsa. Kunja tinaitsuka ndi madzi a paipi opanda mphamvu yambiri, kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, kuti zinyalala zituluke njira imene zinalowera. Makina opopera madzi mwamphamvu a kotsukira galimoto amagoneka timapepala ta aluminiyamu tija, n'kutseka mphepo kuposa poyamba. Timene tinali titagona kale mnyamata uja anatiwongola mofatsa ndi kampeni kopyapyala. Kondensa nayo tinaitsuka ili pomwepo.

Mkati tinathira madzi mobwerera, kuchokera kunsi, mpaka anayamba kutuluka oyera. Chimodzimodzi buloko ndi kahita ka m'kati mwa galimoto, kamene kanatulutsa matope ofiirira ambiri kuposa rediyeta yeniyeniyo. Madzi wamba alibe mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo a pamjigo amasiya miyala yoyera ngati ya m'ketulo imene imamata m'timapaipi. Ndinaganizapo zosintha rediyeta yonse, koma madzi ankadutsa momasuka, matanki ake a pulasitiki anali osasweka ndiponso osasintha mtundu, ndipo pambuyo pake nditaloza kachipangizo koyezera kutentha m'malo osiyanasiyana sindinapeze malo ozizira osonyeza kutsekeka. Ndinaibwezera.

Silikoni yense tinamupala, n'kuika thermostat ndi labala wake, kavalavu kake kotulutsira mpweya kataloza m'mwamba. Ndisanaiike ndinaiviika m'madzi otentha pambali pa choyezera kutentha, ndipo inayamba kutseguka itangodutsa 80. Paipi lapamwamba louma lija tinalisintha. Fani itamangidwa, ndinayesa mbali imene ikukokera mphepo poika pepala kutsogolo kwa kondensa. Pepalalo linamatirira, kusonyeza kuti ikukokera mkati. Izi ndimayesa nthawi zonse, chifukwa mawaya akatembenuzidwa fani imazungulira chobwerera n'kumalimbana ndi mphepo ya pamsewu.

Tinathira coolant wa pinki wosakaniza kale, wa mtundu umene Toyota imagwiritsa ntchito, wosafunika kuwonjezera madzi. Potulutsa mpweya tinakweza kutsogolo kwa galimoto, hita tinaiika potentha kwambiri, fanelo ili pakamwa pa rediyeta, injini ikulira, tikufinya paipi lapamwamba mpaka thovu linatha ndipo hita inayamba kuuzira mpweya wotentha mosadukiza. Gawo limeneli silifuna changu. Mpweya wotsalira umatha kukhala pa sensa, n'kumainamiza, kapena kutenthetsa malo amodzi a hedi, ndipo galimoto yokonzedwa bwino imabwerera mawa lake ikuwiranso.

Oyilo wa injini ndi fyuluta tinasintha, popeza oyiloyo anali atapsa ndi kutentha komanso akununkha petulo. Mapulagi tinawatsuka. Oyilo wa giya ndinamuyang'ananso, chifukwa pa galimoto iyi amadzera m'munsi mwa rediyeta kuti azizire, ndiye injini ikawira nayenso amamva kutentha. Anali wofiira bwino, wosanunkha kupsa. Zolakwika zimene kompyuta inasunga nditazula sensa ija ndinazifufuta.

Kuyesa

Poyamba tinaiyesa poima, boneti yotseka, padzuwa, nyali zoyaka. Tsopano inatentha msanga. Paipi lapansi linakhala lozizira mpaka manambala atadutsa 80, kenaka linatentha mwadzidzidzi, kusonyeza kuti thermostat yatseguka. Cha m'ma 95 fani inadzuka ndi mphamvu, manambala n'kutsika, fani n'kuzima yokha. Inabwereza chonchi mobwerezabwereza osadutsa 97.

Kenaka ndinaipititsa kumene imadwalira. Nthawi yoweruka ndinalowa nayo mumzere wa ku Old Town, kompyuta ili pampando, kudutsa pamlatho paja galimoto zikungosuntha pang'onopang'ono pakati pa maminibasi ndi makabaza. Kutentha kunkasewera pakati pa 90 ndi 96, fani ikuyaka ndi kuzima. Nditatulukira pamsewu wopita ku Kanengo n'kuthamanga, kunakhazikika m'ma 80, osagwa pansi monga kale. M'mawa mwake madzi a m'kabotolo anali atatsika pang'ono ndipo rediyeta inali yodzaza mpaka pakhosi, ndiye kuti chivindikiro chikubweza madzi. Ndinawonjezera coolant mpaka pamzere wa pamwamba.

Zimene ndinawauza eni galimoto

Ndinawapempha kuti zigubu zija azitsitse, ndipo akafuna kuwonjezera azithira coolant wa mtundu womwewo. Madzi wamba azithira pokhapokha zinthu zikavuta, ndipo akathira abwere tidzakonze mlingo wake. Poyang'ana madzi asamadalire kabotolo kokha; kamodzikamodzi, m'mawa injini isanayake, azitsegula rediyeta yeniyeniyo. Singano ikadzayamba kukwera ali pamzere, azimitse AC ngati adzakhale ataikonzetsa, ayatse hita potentha kwambiri ndi mphepo yonse, atsegule mawindo, n'kufunafuna pokhotera. Hita ndi karediyeta kakang'ono, ndipo imachotsako kutentha kokwanira kuti munthu atuluke mumzere. Ikafika pofiira kapena nthunzi ikaoneka, azimitse basi. Chivindikiro asatsegule injini ili yotentha, ngakhale ndi chisanza. Ndaonapo anthu atasupuka manja ndi nkhope chifukwa cha zimenezi, ndipo ndi mabala owawa kwambiri. Asalolenso munthu kuthira madzi ozizira m'injini yowira, kapena pamwamba pake, chifukwa chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimasweka. Pakiyu ya mafuta palibe chifukwa chosiyira injini ikulira kwa ola lathunthu.

Mayiwo anafunsa za mng'ono wawo amene ali ndi Toyota Passo yopanda geji. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan zili choncho: zili ndi kanyali ka buluu kapena kobiriwira kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndi kofiira kosonyeza kutentha. Kofiirako kakayaka palibenso nthawi yodikira, chifukwa palibe singano imene inakuchenjeza poyamba. Ndinati amuuze aziyesa fani yake ndi AC kamodzikamodzi, makamaka nyengo yotentha ikamayandikira.

Chotsalira

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachilemba pakhadi la ntchito koma sindinachisinthe. Kunsi kwa mpope wa madzi, pa kabowo kake kotulutsira madontho, panali kachizindikiro kouma kofiirira. Poyeza ndi mphamvu sipanadonthe, pule yake sinkagwedera, ndipo sinkalira. Komabe mpope umene wayenda chaka ndi madzi a dzimbiri sindiukhulupirira kwenikweni, chifukwa tinyenyeswa timadya silo yake yoletsa madzi kudontha, ndipo nthawi zina umayamba kudontha pambuyo poti chivindikiro chatsopano chabwezeretsa mphamvu m'mapaipi. Ndinapukuta malowo kuti ayere, n'kuwaonetsa onse awiri pamene ayenera kuyang'ana ndi tochi.

Galimotoyo itabweranso kudzasintha oyilo, kutentha kunali kusanakwerenso, ndipo mayiwo anati petulo akukhalitsako kusiyana ndi kale. Mlingo wa m'kabotolo unali utatsika pang'ono kuchoka pamzere, ndipo pa kabowo kaja panali pataunjikana timiyala ta pinki touma. Tinagwirizana kuti mpopewo usinthidwe pamodzi ndi lamba wake mvula isanayambe, ndipo coolant amene adzatuluke tidzamusefa n'kumubwezera, popeza akadali watsopano.